Thock, creamy, endgame: chizungu cha anyamata a makiyibodi chafika ku Palabana

Ngati mumakwela basi za kum'mawa kwa Lusaka, zija zotsata Great East Road kupitilila Chelstone kuloza ku Chongwe, tsiku lina mudzapezeka mwapanikizana pampando umodzi na anyamata awili okamba zinthu zimene simudzatolapo olo liwu limodzi. Wina adzati, "Boi, nayika lube pa ma stabs, manje ili thocky zoona." Mnzake adzapukusa mutu: "Yanga ikali scratchy, niyembekeza chabe ma linear yafike." Imwe mudzayang'ana pawindo n'kumaganiza kuti akamba za injini ya galimoto, olo za mankhwala, olo zija zosayenela kukambidwa pamaso pa amayi amene anyamula dishi ya tomato pamiyendo. Mtima pansi. Akamba za kiyibodi. Ee, kiyibodi ya kompyuta, ija ya mabatani.

Munthu wathu wa sabata ino ni mmodzi wa anyamata amenewa. Dzina sitichula, mudziwa kale lamulo la pano. Akhala mu boarding house ku Palabana, kumene ambili a mu Lusaka amakudziwa chifukwa cha mapulazi, ng'ombe na sukulu ija ya za mkaka, Palabana Dairy Training Institute, imene manje inasanduka Palabana University. Kumalo kumene liwu lakuti creamy linali kutanthauza mkaka wa ng'ombe yodya bwino, lelo kuli mnyamata amene akalichula atanthauza kalilidwe ka batani la Enter. Dziko ili.

Mungafunse kuti, nanga ine zinikhudza bwanji? Zikukhudzani pa thumba. Makiyibodi awa ayamba kuoneka m'mashopu a mu tauni, pa Facebook na pa ma status a WhatsApp, ndipo ogulitsa anawaloweza kale mawu awa. Munthu wosadziwa chinenelo cha pamsika ni amene amalipila mtengo wa alendo. Amene anapitapo ku Katondo Street kukagula foni osadziwa kusiyanitsa ex-UK na gong'a amva chimene nikamba.

Choyamba, liwu lakuti mechanical. Kiyibodi imene mumapeza mu internet cafe, ku ofesi, olo ija imene amakuwonjezelani mukagula kompyuta ya second hand, nthawi zambili ni membrane. Pansi pa mabatani onse pali chilabala chimodzi chokhala na tumatuza. Mukadina batani, katuza kaphwafuka n'kukhudza pulasitiki yopyapyala yokhala na tunjila twa magetsi, chilembo chaonekela. Ni yochipa, imagwila nchito, koma kudina kwake kuli ngati kuponda matope, ndiye anyamata athu amaicha mushy. Ya mechanical ni yosiyana. Batani lililonse lili na kamakina kakekake kochedwa switch, ndipo m'kati mwake muli sipuling'i, tuzitsulo tuwili tokhudzana, na kamtengo ka pulasitiki kamene kamatsika na kukwela, kamene amati stem. Batani limodzi likafa, musintha switch imodzi chabe. Simugula basi yatsopano chifukwa tayala limodzi laphulika.

Apa manje ni pamene pali msampha woyamba. Pa katoni mukaona palembedwa mechanical feel olo semi-mechanical, dziwani kuti ni membrane yovala suti. Ili na malaiti a mitundumitundu, mabatani ataliatali, chithunzi cha chinjoka pa katoni, koma pansi ni labala yomweyo. Kuyesa n'kosavuta. Pemphani ogulitsa achotse kachisoti ka batani limodzi, kaja kolembedwa chilembo, kamene anyamata amati keycap. Pansi payenela kuoneka kamtanda ka pulasitiki, kofiila, kabuluu olo kabulauni, kokhala m'kanyumba kakekake. Opanga ena ochenjela amaika kamtanda pamwamba pa labala, ndiye musayang'ane mtanda chabe, onani ngati batani lililonse lili na kanyumba kake. Ba shopu akakana ati, "Sitichosa boss, ingaonongeke," bwezani ndalama m'thumba. Keycap imapangidwa kuti izichoka.

Kamtanda kameneka kali na mwini wake. Kampani ya Cherry, imene Walter Cherry anayambitsa ku America mu 1953 n'kudzakhazikika ku Germany, ndiye inatulutsa switch yochedwa MX m'zaka za m'ma 1980. Kwa nthawi yaitali palibe wina anali kuloledwa kukopa mpangidwe wake chifukwa cha patent. Patent itatha, makampani a ku China monga Kailh, Gateron na Outemu anadzaza msika na ma switch awo a mpangidwe umodzimodzi, ochedwa ma clone, ndipo mitengo inagwa. Ndiye chifukwa chake mwana wa sukulu ku Palabana lelo angakwanitse Redragon olo Royal Kludge, chinthu chimene kale chinali cha apamwamba. Liwu lakuti clone lisakuopseni, si gong'a. Ambili odziwa zinthu izi amakonda Gateron kupambana Cherry yeniyeniyo, ati imatelela bwino.

Mitundu ya kamtanda si yokongoletsa. Cherry inaigwilitsa nchito monga chizindikilo, ndipo enawo anatengela. Red ni linear: batani limatsika mosalala kuchoka pamwamba mpaka pansi kopanda chopinga, monga tala yatsopano. Brown ni tactile: pakati pa ulendo chala chimamva kahampu kang'ono kokuuzani kuti chilembo chalowa. Blue ni clicky: kahampu kalipo, koma pali na kaphokoso kakuthwa, tche, pa chilembo chilichonse. Amene amakonda manambala adzakuuzani kuti Cherry MX Red imafuna mphamvu yolingana na magalamu 45, chilembo chimalowa batani likatsika mamilimita 2, ndipo pansi penipeni ni pa mamilimita 4. Black ni linear nayo koma yolimba, magalamu 60. Kudina mpaka kugunda pansi amati bottom out. Brown ndiye amaiseka maningi, akatswili ati ni Red imene inagwela mumchenga. Ine nikuuzani kuti musawamvele. Kwa munthu wolemba assignment olo CV, Brown ilibe mlandu uliwonse.

Blue ndiye ili na mlandu. Munthu wathu anayamba na Blue monga amachitila ambili, chifukwa mushopu, pakati pa mahutala na ma speaker a mu tauni, kaphokoso kaja kamamveka kokoma. Mu chipinda cha anthu atatu, denga la malata, 02:00 usiku, ku Palabana kumene nthawi imeneyo umamva chabe achule na agalu a pa pulazi, ni nkhani ina. Mnzake wa bedi ya pamwamba anapilila masiku anayi. Usiku wachisanu anatsika, ati, "Mwana, sankha. Olo iwe uchoke, olo chigayo chako." M'mawa ba landlord nawo anabwela kufunsa ngati kuli amene watsegula shopu yosoka zovala m'nyumba yawo kopanda kuwauza. Manje mwamva chifukwa chake anyamata ambili amayamba na clicky n'kuthawila ku ma linear.

Kalilidwe

Tifike pa mawu amene amachititsa anthu kutaya ndalama. Thock ni kulila kozama, kolemela, kwa pansi. Ganizani munsi ukugwa mu mtondo wodzala chimanga: du, du, du. Clack ni kulila kwa pamwamba, kouma, monga tuzitsekelo twa mabotolo pa bolodi ya draft pa siteshoni, mudala akadya atatu nthawi imodzi: kha, kha, kha. Creamy ni kusalala kopanda kukhwekhweleza, ngati kuti mabatani asambila mu mkaka. Marbly ni monga tumiyala twa nsolo tukugundana m'dzanja. Ndiye pali mawu onyoza. Scratchy ni pamene switch imveka ngati muli mchenga. Ping ni kulila kwa sipuling'i, ngwii, kotsalila m'mbuyo mukachotsa chala. Rattle ni kugwedela kwa mabatani aakulu, monga windo ya minibasi pa gravel. Hollow ni kulila kwa chigubu chopanda madzi.

Chimene chimanisekesa n'chakuti azungu anachita kuvutika kuti apeze mawu awa. Thock na clack si mawu a m'buku la sayansi, ni kuyesa chabe kutsanzila phokoso na pakamwa. Ise zimenezo tinabadwa nazo. Chinthu chikagwa timasiyanitsa phu, khu, di na gwa, ndipo mwana wa Grade 2 amamva kusiyana kwake popanda womufotokozela. Agogo anu akanamvetsela kiyibodi ya munthu wathu, akanaipatsa liwu lolondola kupambana thocky, mwina na dzanja akanaonetsa mmene limagwela. Koma mnyamata wa mu Lusaka sangaime pagulu n'kukamba kuti kiyibodi yake imati du du du. Ati sizimveka za ndalama.

Ndipo sikelo ya thock kulibe. Anthu awili angamvetsele kiyibodi imodzi, wina ati thocky, wina ati clacky, n'kukangana mpaka basi ifike pa Waterfalls. Ma sound test a pa TikTok na YouTube ndiye muziwaopa. Phokoso limene mumamva kumeneko lapita mu maikolofoni yodula yoikidwa pafupi, kiyibodi ili pa thebulo lolemela loyalidwa kansalu kokhuthala kamene amati deskmat, m'chipinda chotsekedwa bwino. Kiyibodi imodzimodziyo mukaiika pa kathebulo ka mapulanga opyapyala ka kwa kalipentala wa pa kona, pansi simenti, pamwamba malata, idzalila mosiyana, ndipo mudzaganiza kuti anakugong'ani. Musanaitanitse ma switch atsopano, pindani thaulo, yalani pansi pa kiyibodi, mumvele. Nthawi zina theka la thock imene mufuna lili mu thaulo lanu losambila.

Lube ni mafuta. Kuchita lube ni kutsegula switch iliyonse, imodziimodzi, kupaka mafuta pang'ono na kabulashi kang'ono ngati ka ku salon ya ma nails, n'kutsekanso. Kiyibodi yaing'ono ili na ma switch 61. Welengani mwekha. Munthu wathu anathela Sondo yonse pa nchito iyi, ndipo chisumbali chake chitatuma foni kufunsa kumene ali, yankho lakuti "nili busy na lube" silinathandize chikondi chawo olo pang'ono. Mafuta amene amachulidwa kwambili ni Krytox 205g0, a m'mafakitale, osadya pulasitiki, ogulitsidwa m'tumabotolo tung'ono ngati twa Vicks. Apa ni pamene nzelu za kwathu zija zakuti "chilichonse chisebenza" zimaononga katundu. Saladi ayi. Vaseline ayi. WD-40 ayi. Gilisi ya njinga ayi. Saladi imauma n'kusanduka ulimbo, zinazo zimakoka fumbi olo kuononga pulasitiki. Ndipo Blue siipakidwa lube ngati enawo, mafuta amapha kaphokoso kaja, mutsala na switch yosadziwika mtundu.

Stabs ni chidule cha stabilizers, tuwaya tumene tumagwila mabatani aatali monga spacebar, Enter na Shift kuti asapendeke mukadina kumbali. Ngati muli na nthawi yokonza chinthu chimodzi chabe, konzani ma stabs, chifukwa rattle yambili imachokela pamenepo. Zokonzakonza zonsezi pamodzi amati ma mod. Pali tape mod, kumata masking tape kumbuyo kwa bolodi ya magetsi kuti kalilidwe kasinthe. Pali foam mod, kuika siponji m'kati kuti chigubu chileke kulila. N'zochipa, ndipo zimagwila. Koma ngati kiyibodi yanu ni ya wireless, muli batili m'kati, musaipanikize na matepu na siponji. Openga kwenikweni amafika pa frankenswitch, kutenga stem ya switch ina n'kuiika m'kanyumba ka ina, monga minibasi ija imene chitseko chinachokela ku galimoto ina, mipando ku ina. Yochuka kwambili ni Holy Panda, imene inabadwa pamene wina anaika stem ya Halo True m'kanyumba ka Invyr Panda.

Sixty percent si ma results

Kiyibodi yathunthu ili na mabatani 104. Mukadula mbali ya manambala ya kumanja, itsala TKL, kutanthauza tenkeyless, ya mabatani 87. Mukadulanso mzele wa F1 mpaka F12, mivi na tumabatani twa pamwamba pa mivi, itsala 60%, ya mabatani 61. Pakati pali 65%, imene imabweza mivi, na 75%, imene imabweza na ma F omwe. Mabatani odulidwa sanapite kutali, abisala pansi pa batani la Fn, malo amene amati layer. Kang'ono kamakongola pa chithunzi, ndipo kamalowa m'chola pamodzi na laptop, chinthu chofunika kwa munthu wokwela basi ziwili kuti afike mu tauni. Koma kuli ba sister ena amene asebenza ku accounts, anagula 60% chifukwa inali ya pinki. Pa Mande m'mawa atsegula Excel, afuna manambala, afuna mivi, kulibe. Manje kali pa shelufu pafupi na maluwa a pulasitiki.

Pali msampha wina umene ni wathuwathu kuno ku Zambia. Makompyuta ambili a second hand amachokela ku UK, ndipo mabatani awo ni a mpangidwe wa ISO: Enter wamkulu wokhota, Shift ya kumanzele yaifupi, chizindikilo cha £ pa 3, mabatani 105. Za ku America ni ANSI: Enter wopyapyala wogona, Shift yaitali. Ma keycap ambili ochipa a pa AliExpress ni a ANSI. Ngati kiyibodi yanu ni ISO, mudzayembekeza katundu milungu, mudzalipila wonyamula, ndiye Enter akana kulowa. Yang'anani Enter wanu musanatume ndalama. Ndipo ngati munafunapo kulemba @ pa email koma n'kutuluka tumakoma tuwili twa m'mwamba, kiyibodi siinalodzedwe. Windows yaikidwa pa US pamene mabatani ni a UK, olo mosinthanitsa.

Ma keycap ali na mitundu iwili ikuluikulu ya pulasitiki. ABS imasalala na kung'anima ikagwilitsidwa nchito nthawi yaitali, zimene amati shine. PBT ni yokhakhala pang'ono, siing'anima msanga. Doubleshot ni pamene chilembo si penti koma pulasitiki yachiwili youmbidwa m'kati, ndiye sichifufutika. Pitani kwa amayi aja otaipa ma CV na makalata pafupi na maofesi a boma, muone kiyibodi yawo: A, S, E na N zinafufutika kalekale, spacebar ing'anima ngati mphumi ya mwana wodzola Vaseline. Iwo sayang'anapo n'komwe. Anyamata amapikisana pa Monkeytype kuona WPM, kutanthauza mawu angati pa mphindi, liwu limodzi likuwelengedwa ngati zilembo zisanu. Nikanakonda kuona amayi aja atakhala pa mpikisano umenewo na membrane yawo yofufutika. Ndalama yanga ningaike pa iwo.

Pamene kuseka kumatha

Group buy ni chilimba cha pa intaneti. Wina ajambula ma keycap olo kiyibodi imene ikalibe kupangidwa, anthu alipililatu, ndalama zikakwana fakitale iyamba nchito. Kuyembekeza miyezi yambili si chachilendo, ndipo ma keycap a GMK, kampani ya ku Germany, nthawi ya COVID-19 anthu anali kuwayembekeza kupitilila chaka. Kusiyana kwake na chilimba cha pa Soweto Market n'kwakuti kuja mudziwa nyumba ya amene asunga ndalama, mudziwa na chechi chimene amapemphela. Kuno munthu ali ku dziko lina, ndipo zinachitikapo kuti ogulitsa atseka bizinesi, ndalama za anthu zapita. Kwa imwe amene mulandila makwacha koma mulipila mu madola, gulani chimene amati in stock, chimene chilipo kale pa shelufu.

GAS si ija ya mu silinda. Ni gear acquisition syndrome, liwu limene anabweleka kwa oimba magitala: matenda ofuna kugula chida china pamene chimene muli nacho chikali bwinobwino. Endgame ni kiyibodi yomaliza, imene mukagula simudzafunanso ina. Onse amaichula akuseka chifukwa palibe anaipezapo. Munthu wathu ali pa endgame yachitatu. Yoyamba, ija ya Blue, anagulitsa kwa wa first year amene sanadziwe chimene chimuyembekeza ku chipinda chake. Yachiwili ni daily driver, ya tsiku na tsiku. Yachitatu ikali m'njila, ndipo ndalama yake inachokela ku kaloba. Kumwezi kukatha lendi ifunika, chiwongola dzanja chifunika, ndipo wa kaloba samvetsela sound test.

Liwu limodzi limene niona kuti n'loyenela ndalama yanu ni hot-swap. Pa makiyibodi ambili ma switch ni owochelela ku bolodi, ndiye kuti musinthe imodzi mufunika soldering iron, olo ulendo wopita kwa anyamata okonza mafoni ku Town Centre. Ya hot-swap ili na tumasoketi: muzula switch na kachitsulo, mulowetsa ina, kwamana. Kuno kwathu zimenezi si za fashoni. Fumbi la August na September, maka kumene msewu ni wa gravel, limalowa mu switch n'kubweletsa chatter, matenda amene mudina kamodzi koma chilembo chituluka kawili. Mulemba Palabana, pa sikilini paoneka Pallabbana. Na hot-swap imeneyo ni nchito ya mphindi ziwili. Funsani chabe ngati masoketi alandila ma switch onse, chifukwa makiyibodi ena ochipa ali na masoketi a Outemu opanikiza, okana miyendo ya ma switch a makampani ena. Malaiti aja othamangathamanga, RGB, pa wireless amadya batili. Amene anali kulemba assignment mu 2024, madzi atachepa ku Kariba n'kumakhala pafupifupi tsiku lonse kopanda magetsi, anaphunzila kuwazima.

A ma game ali na mawu awo pamwamba pa awa. Ghosting ni pamene mudina mabatani angapo nthawi imodzi, kiyibodi n'kusokonezeka, lina osaliwelenga olo kuwelenga limene simunadine. NKRO ni lonjezo lakuti onse adzawelengedwa. Zatsopano ni ma switch a maginito, Hall effect, amene kampani ya ku Netherlands, Wooting, inachukitsa na rapid trigger: batani limaleka kugwila mukangoyamba kukweza chala. Mpikisano wa makampani unafika poti mu August 2024 Valve inaletsa mu Counter-Strike 2 kachenjela kena kamene Razer amati Snap Tap, ati kiyibodi yayamba kusewelela munthu. Ngati game yanu ni FIFA pa controller, ndime iyi siikukhudzani.

Nanga n'chifukwa chiyani sakamba chabe kuti "imveka bwino"? Chifukwa chomwecho chimene ma ngwang'azi ali na mawu awo pa siteshoni, chimene pa UNZA kuli ma monk na ma moma, chimene pin inapulumuka olo kwacha inachotsedwa ma zero atatu mu 2013. Mawu a gulu amafupikitsa nkhani, koma ni geti nawo, amaonetsa wa m'kati na wa kunja. Chimene sinikonda ni pamene geti ikhala ya ndalama, wina n'kumanyoza mnzake wa Redragon chifukwa iye ali na ya aluminiyamu yoitanitsa kunja na khadi ya adadi. Koma pali zimene nagwa nazo m'chikondi. QMK ni pulogalamu yaulele imene imalola munthu kuuza batani lililonse chochita. Mnyamata wina wa ku Chipata anaigwilitsa nchito kuika ŵ, chilembo chija cha mu dzina lakuti Malaŵi chimene simudzachipeza pa kiyibodi ya mushopu, pa batani lakelake. Mpangidwe wa QWERTY unachokela pa typewriter ya Christopher Sholes, imene Remington inayamba kugulitsa mu 1874, ndipo nthawi imeneyo palibe anali kuganiza za Chinyanja. Kuona mwana akuzikonza yekha ali pa bedi ya boarding house, izo ndiye zanga.

Ndiye kuli ba mudala ena, anasebenzapo mu ofesi m'ma 1990, amene akamva nkhani izi amaseka mpaka kutsokomola. Ati, "Ivo vamene mugula na madola, ise tenze kutaya." Sanama kwenikweni. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 IBM inatulutsa kiyibodi yochedwa Model M, yolemela pafupifupi makilo awili, yokhala na chitsulo m'kati. Pansi pa batani lililonse pali sipuling'i imene imapindika mwadzidzidzi mukadina, buckling spring, ndipo pa phokoso Blue ni mwana. Chosekesa n'chakuti pansi pa masipuling'i amenewo pali membrane, ndiye akatswili amakangana mpaka lelo ngati ni mechanical yeniyeni. Zambili zikali kugwila nchito, kampani ya Unicomp ku Lexington, Kentucky, inapitiliza kupanga zatsopano, ndipo osonkhanitsa amasakasaka zakale. Pa chinenelo chawo zimenezo ni vintage, ndipo imene munthu amailota usiku ni grail.

Ndiye mukapita kwa amalume amene ali na chipinda chodzala makompyuta akufa, olo mukaona mulu wa zakale pa msika, nyamulani kiyibodi iliyonse yotuwa mumve kulemela kwake. Ikalemela ngati njelwa, itembenuzeni. Kumbuyo kwa Model M kuli kapepala kolembedwa nambala yake na tsiku limene inapangidwa. Pulagi yake ni yozungulila, PS/2 olo ija yaikulu yakale, siilowa mu laptop, ndiye mudzafunika converter ya USB yokhala na kachip m'kati, osati kapulagi wamba kongosintha kamwa. Amalume musawauze mtengo wake wa pa eBay mpaka mutatuluka pa geti.